Nyimbo ya Atsikana pa Msewu wa Zidakwa

Nkhani ya sabata ino ndi ya nyimbo imodzi, yotalika mphindi zitatu ndi pang'ono, imene idatuluka pa mbale yaing'ono m'mwezi wa Juni chaka cha 1976 mumzinda wa New York ku Amereka. Dzina lake ndi "X Offender", ndipo idaimbidwa ndi gulu la Blondie, limene pa nthaŵi imeneyo linkadziŵika m'misewu iŵiri itatu yokha ya kumunsi kwa chilumba cha Manhattan. Mbaleyo idagulidwa ndi anthu oŵerengeka, siidaloŵe pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa koposa, ndipo nyumba zambiri zoulutsira mawu sizidaiyese n'komwe. Komabe womvera aliyense wofuna kudziŵa kumene nyimbo zotchedwa punk zidachokera ayenera kuitchera khutu mofatsa, chifukwa imatsutsa zimene ambiri amakhulupirira za nyimbo za mtundu umenewu.

Anthu ambiri akamva liwu loti punk amaona m'maganizo mwawo anyamata a tsitsi loimirira ngati minga ya nungu, ovala malaya ong'ambika, okuwa mwaukali ndi kunyoza chilichonse chimene makolo awo adasiya. Chithunzi chimenechi nchoona ndithu, makamaka kwa magulu a ku London a m'chaka cha 1977, ndipo liwu lenilenilo m'Chingerezi cha ku Amereka limatanthauza mnyamata wachabechabe, wosaŵerengeredwa. Koma ku New York, kumene dzinali lidayamba kumamatira pa nyimbo, oimba ambiri adali anthu otola zimene anzawo adataya kudzala. Chimodzi mwa zimene adatola chidali nyimbo za magulu a atsikana a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, nyimbo zimene akatswiri a rock a masiku amenewo ankaziyesa zachibwana, zoyenera ana asukulu okha.

Kuti nkhaniyi imveke bwino m'pofunika kubwerera m'mbuyo zaka 15. M'mwezi wa Januwale 1961, atsikana anayi akuda a ku Passaic m'chigawo cha New Jersey, otchedwa The Shirelles, adafika pa nambala yoyamba ku Amereka konse ndi nyimbo ya "Will You Love Me Tomorrow", yopekedwa ndi Carole King ndi Gerry Goffin. Njira italambulidwa chotero, magulu ena adatsatira: The Marvelettes, The Crystals, The Chiffons, The Angels, The Ronettes. Kaimbidwe kawo sikachilendo kwa munthu amene adakhalapo m'kwaya ya kutchalitchi kapena adaimapo pa bwalo la chimtali, pakuti mmodzi amatsogolera, anzake amavomera, ndipo manja amaombedwa pa nthaŵi yake. Kusiyana kwake kudali kwakuti wotsogolerayo ankalankhula monga mtsikana wouza anzake zakukhosi, anzakewo n'kumamufunsa, kumuchenjeza kapena kumuseka. Nyimbo iliyonse idali kaseŵero kakang'ono kotha mphindi zitatu zisanakwane.

Kumbuyo kwa atsikanaŵa kudali anthu osaoneka. M'nyumba ya Brill Building pa msewu wa Broadway, ndi m'maofesi ena oyandikana nayo, opeka nyimbo ankakhala aŵiriaŵiri m'tizipinda tokhala ndi piyano ndi mpando, n'kumapeka kuyambira m'maŵa mpaka madzulo monga momwe telala amasokera pakhonde la sitolo. Mmodzi wa iwo adali Ellie Greenwich, amene pamodzi ndi Jeff Barry, mwamuna wake pa nthaŵiyo, adapeka nyimbo zambiri zotchuka. Omvera asunge dzina la mayi ameneyu, chifukwa abweranso m'nkhani ino. Pamwamba pa opekawo padali oyang'anira kajambulidwe, ndipo wodziŵika koposa adali Phil Spector, amene ankadzaza situdiyo ndi oimba zida ambirimbiri, mapiyano angapo, magitala angapo, onse kuimba chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi kufikira mawu ake atalimba ngati khoma. Nyimbo ya The Ronettes ya mu 1963, "Be My Baby", imene imayamba ndi kugunda kwa ng'oma za Hal Blaine, ndiyo chitsanzo chomveka cha ntchito yake. Mphamvu za anthu otereŵa zidali zopanda malire. Mu 1962 Spector adatulutsa "He's a Rebel" m'dzina la The Crystals, chikhalirecho amene adaimba adali Darlene Love ndi gulu lina la ku Los Angeles. Eni dzinawo adaimva pa wailesi monga wina aliyense.

Pakati pa magulu onseŵa padali limodzi losiyana ndi anzake, The Shangri-Las. Adali atsikana anayi ochokera m'mabanja aŵiri a m'dera la Queens mu New York momwemo: Mary Weiss ndi mkulu wake Betty, ndiponso mapasa Marge ndi Mary Ann Ganser. Pamene anzawo ankavala madiresi ofanana ndi kumwetulira mwaulemu, iwo ankaoneka atavala mathalauza othina ndi nsapato zazitali, ndipo ankalankhula Chingerezi cha m'misewu ya kwawo osachikometsa. Nyimbo zawo zidali za imfa, za kuthaŵa pakhomo, za anyamata okanidwa ndi makolo. Yotchuka koposa, "Leader of the Pack", imene idafika pa nambala yoyamba mu Novembala 1964, imayamba ndi atsikana akufunsana za mnzawo, ndipo imatha ndi ngozi ya njinga yamoto, kulira kwa injini ndi kuphwanyika kwake kukumveka pa mbale pomwepo. Woyang'anira wawo, George "Shadow" Morton, adaipeka pamodzi ndi Barry ndi Greenwich. Mary Weiss, amene adatsogolera, adali ndi zaka 15 zokha.

Ngakhale zidali choncho, mtsikana wa m'nyimbo zimenezi, kaya waulemu kaya wa nsapato zazitali, kaŵirikaŵiri ankaima pamalo amodzi omwewo. Iye amadikira. Amadikira kalata, amadikira kuti mnyamata amuone, amadikira kuti chibwenzi chake chibwere kudzamumenyera nkhondo. Akakhala wa The Shangri-Las amatsala akulira maliro. Chosankha chimakhala m'manja mwa mnyamata kapena mwa bambo. Oimbawo nawo, m'moyo weniweni, sadasiyane kwambiri ndi atsikana a m'nyimbo zawo, pakuti mawu adali a ena, mapangano adali okomera kampani, ndipo ndalama zidatsata olemba mapanganowo. Kampani ya Red Bird, imene inkatulutsa mbale za The Shangri-Las, idatsekedwa mu 1966, gululo n'kupasuka patapita zaka ziŵiri pakati pa milandu. The Ronettes adakasumira Spector mu 1988 pofuna gawo lawo, ndipo mlanduwo udatha zaka zoposa khumi uli kukhoti.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 nyimbo zoterezi zidali zitaiŵalika. Rock idali itakula ndi kuyamba kudzitama. Magulu akuluakulu ankaimba m'mabwalo a mpira atanyamula zida zodzaza malole, ndipo woimba gitala mmodzi ankatha kuimba yekha kwa mphindi khumi anzake akupuma. Mu 1973 gulu la ku England la Yes lidatulutsa zimbale ziŵiri pamodzi zokhala ndi nyimbo zinayi zokha, iliyonse yotalika pafupifupi mphindi 20. Luso lidalipo, palibe angakane. Koma mwana wa zaka 17 wokhala ndi gitala yobwereka kwa mnzake sakadalota n'komwe zofika pamenepo. Choseketsa nchakuti The Beatles, amene ambiri amati ndiwo adayambitsa kusintha konseku, adaphunzira okha kwa atsikana: pa zimbale zawo ziŵiri zoyamba, za mu 1963, pali nyimbo za The Shirelles ndi The Marvelettes. Owatsatira adaiŵala zimenezo msanga.

Mzinda wa New York nawo udali pa mavuto. Mu 1975 udatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho Pulezidenti Gerald Ford adakana poyera kuuthandiza, ngakhale kuti pambuyo pake adafeŵa mtima. Apolisi, ozimitsa moto ndi ochotsa zinyalala ambiri adachotsedwa ntchito. Anthu opeza bwino adali atasamukira kunja kwa mzinda, ndipo lendi ya m'madera ena idali yotsika kotero kuti ojambula zithunzi, alakatuli ndi oimba opanda ndalama adatha kupeza pogona. Msewu wa Bowery udadziŵika kuyambira kale monga kwawo kwa zidakwa ndi anthu osoŵa pokhala. Pa nambala 315 ya msewu umenewu, pansi pa hotela yogona amphaŵi, munthu wina dzina lake Hilly Kristal adatsegula mu Disembala 1973 nyumba yomweramo moŵa ndi kumveramo nyimbo, naitcha CBGB. Zilembozo zinkaimira country, bluegrass ndi blues, nyimbo zimene iye ankayembekeza. Koma amene adabwera kudzapempha malo adali Television, Ramones, Patti Smith, Talking Heads ndi Blondie.

Wotsogolera nyimbo m'gulu la Blondie, Deborah Harry, sadali mwana pamene zonsezi zinkachitika. Adabadwira ku Miami pa 1 Julaye 1945, ndipo ali khanda adatengedwa ndi banja lina limene lidamulerera ku Hawthorne, tauni ya ku New Jersey yosatalikirana ndi kwawo kwa The Shirelles. Chaka chimene "Be My Baby" idatuluka iye adali ndi zaka 18, ndiye kuti adali mmodzi wa atsikana enieniwo amene nyimbo zija zinkapekedwera. Ndipo pali chinthu chimene ofotokoza mbiriyi amakonda kuchidumpha: Harry adabadwa zaka zitatu Mary Weiss asanabadwe. Tsono pamene adayamba kuimba m'kaimbidwe ka The Shangri-Las sadali mdzukulu wotsanzira agogo. Adali mnzawo wa msinkhu umodzi amene adachedwa kufika pabwalo, ndipo m'zaka zochedwazo adaona zambiri. Adagwirapo ntchito ya ulembi mu ofesi ya BBC ku New York, adaperekerapo zakudya ku Max's Kansas City kumene kunkasonkhana anzake a Andy Warhol, adagwiraponso ntchito ku Playboy Club, ndipo mu 1968 adaimba nawo pa chimbale cha gulu la The Wind in the Willows chimene sichidapite patali. Pamene "X Offender" inkatuluka adali ndi zaka 30, msinkhu umene makampani a nyimbo ankauyesa ukalamba kwa mkazi wongoyamba kumene.

Mu 1973 Harry adaloŵa m'kagulu ka akazi atatu kotchedwa The Stilettoes, kamene kankaimba motsanzira magulu akale aja, mwanthabwala ndi mwachikondi pamodzi. Kumeneko adakumana ndi Chris Stein, woimba gitala wa ku Brooklyn, amene adakhala bwenzi lake ndi mnzake wopeka naye nyimbo kwa zaka zambiri. Mu 1974 aŵiriwo adayambitsa gulu lawolawo, ndipo dzina loti Blondie adalitola pa mawu amene madalaivala a malole ankakuwira Harry mumsewu poona tsitsi lake loyeretsedwa. Chiyambi chidali chovuta. Woimba gitala wina, Ivan Kral, adapita kwa Patti Smith, ndipo woimba besi, Fred Smith, adapita ku Television, magulu amene ambiri pa CBGB ankati ndiwo a tsogolo. Blondie inkayesedwa yosakhwima ndi yongoseŵera. Amene adalimbitsa anzake mtima adali woimba ng'oma watsopano, Clem Burke wa ku Bayonne, amene adabwera ndi mnzake wa kwawo, Gary Valentine, kudzaimba besi. Pambuyo pake Jimmy Destri adafika ndi limba lake la magetsi la Farfisa. Mwa nyimbo zoŵerengeka zimene gululo lidajambula moyesera mu 1975 mudali "Out in the Streets", nyimbo ya The Shangri-Las ya mu 1965.

"X Offender" idayamba ndi Valentine, wamng'ono pa onse m'gululo. Iye adapeka maimbidwe ake pamodzi ndi mawu onena za mnyamata wa zaka 18 womangidwa chifukwa cha chibwenzi chimene malamulo ankachiŵerengera ngati mwana. Dzina la nyimboyo lidali "Sex Offender", dzina limene makhoti a kumeneko amapatsa munthu wolakwa pa milandu ya kugonana. Harry adasunga maimbidwe ndi dzina, koma nkhani adaitembenuza. M'mawu ake, wolankhula ndi mkazi woyendayenda amene wagwidwa pa mphambano ya msewu, ndipo m'malo mochita mantha watengeka mtima ndi wapolisi womumangayo. Unyolo, chitokosi ndi khoti akuzifotokoza monga momwe mtsikana wa mu 1963 akadafotokozera tsiku lokumana ndi mnyamata ku dansi, ndipo pomaliza akulonjeza kuti akadzatuluka m'ndende adzamufunafuna.

Amene adatengera gululo ku situdiyo adali Richard Gottehrer mothandizana ndi Craig Leon. Leon adali atangojambula kumene chimbale choyamba cha Ramones, ntchito imene idatha m'masiku oŵerengeka ndi ndalama zokwana madola 6,400. Koma Gottehrer adali munthu wa nyengo ina. Iye ndi mmodzi wa anthu atatu amene adapeka ndi kujambula "My Boyfriend's Back", nyimbo ya The Angels imene idakhala pa nambala yoyamba mu 1963, ndipo nayonso imayamba ndi mtsikana akulankhula asanayambe kuimba. Motero Blondie siidafunikire kulota mmene mbale zakale zinkapangidwira, popeza mmisiri wake adali m'chipinda momwemo. Pojambula chimbale chonse, mu Ogasiti ndi Sepitembala 1976, mu situdiyo ya Plaza Sound pamwamba pa holo ya Radio City Music Hall, kudabweranso Ellie Greenwich, yemwe uja adapeka nawo "Be My Baby" ndi "Leader of the Pack", kudzavomera kumbuyo kwa Harry pa nyimbo ina yodekha yotchedwa "In the Flesh".

Woika "X Offender" pa galamafoni amayamba wamva Harry akulankhula motsitsa mawu, monga wonong'oneza mnzake chinsinsi. Ameneŵa ndi malonje a The Shangri-Las ndi The Angels, ndipo kwa kamphindi munthu angaganize kuti walakwitsa mbale. Kenaka ng'oma za Burke zimagwa ngati matalala padenga la malata, limba la Destri n'kuyamba kaimbidwe kosavuta, koŵala, kamene mwana angakabwereze ndi mluzu atakamva kamodzi. Limba la Farfisa lili ndi mawu opyapyala, mawu a magulu a anyamata oimbira m'magalaja m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi ilo limene laima pamalo pamene Spector akadaika mavayolini. Pakatikati pali gitala yoimba yokha mwachidule, ya mawu onthunthumira monga a nyimbo za surf za ku California. Pa nyimbo imeneyi Valentine ndi Stein adasinthana zida: mwini nyimbo adatenga gitala, Stein natenga besi. Anthu asanu okha akuyesa kumanga khoma limene Spector ankamanga ndi anthu pafupifupi 20, ndipo ming'alu yake ikuoneka. Liŵiro lake ndi la anthu othamangitsidwa, ndipo Burke akumenya ngati wosafuna kusiyira mnzake mpata. Akadakhala oimba odziŵa kwambiri, mbaleyi ikadangokhala chifanizo chosalala cha zakale, chosayenera kukumbukiridwa.

Koma chachikulu chili pa malo amene mkazi waima. M'nyimbo zakale wopanduka adali mnyamata, wa jekete lachikopa ndi njinga yamoto, ndipo mtsikana adali mwana wabwino wopempha makolo kuti amumvetse. Harry adasinthanitsa mipando. Wophwanya lamulo ndi mkazi, wovala yunifolomu ndi mwamuna, ndipo ngakhale manja ali omangidwa, amene akuyang'ana, kusankha ndi kufuna ndi mkaziyo. Wapolisi akungooneka kudzera m'maso mwake. Ndiponso Harry saimba molira monga Mary Weiss. Mawu ake ndi ozizira, a munthu amene nkhope yake siisonyeza ngati akunena zoona kapena akuseka, kotero kuti womvera amatsala osadziŵa ngati nyimbo zakale zikulemekezedwa kapena zikusekedwa. Zonse ziŵiri zikuchitika, pakuti munthu sangatsanzire bwino chotere chinthu chimene sachikonda. Pali podandaulira, ndithu. Moyo wa akazi ogwidwa usiku m'misewu ya New York ya mu 1976 sudali nthabwala, ndipo nyimboyi imadutsa pa zoŵaŵa zawo mopepuka. Wokana kuimvera pa chifukwa chimenechi sangadzudzulidwe. Chimene sichingakanidwe nchakuti dzina la Harry lidalembedwa pa mbale monga wopeka, mwayi umene atsikana a mu 1963 sadaupeze kaŵirikaŵiri.

Kampani imene idavomera kutulutsa mbaleyo idali Private Stock ya Larry Uttal, yozoloŵera oimba ofatsa monga Frankie Valli. Akuluakulu ake adaona msanga kuti palibe woulutsa mawu amene angatchule dzina lotero pa wailesi masana, ana ali m'nyumba, ndipo adalamula kuti lisinthidwe. Njira imene idapezeka idali yochenjera. Pa liwu loyamba lija padasiyidwa chilembo cha X chokha, chimene m'Chingerezi chimatchulidwa "eks". Khutu limamva pafupifupi liwu lomwe lija, koma diso silipeza cholakwa. Ndiponso m'chinenerocho "eks" amanena za munthu amene kale adali chinachake, kotero kuti dzina latsopanolo lingamveke ngati lonena za wolakwa amene adaleka. M'kati mwa nyimbo mawu akale adatsala momwemo osasinthidwa, ndipo osankha nyimbo a m'nyumba za wailesi adali nawo makutu.

Choncho mbaleyo idakhala ngati mleme, wokanidwa ndi mbalame ndi mbeŵa zomwe. Kwa a wailesi idali yolaula. Kwa ena a pa CBGB, amene ankalemekeza ndakatulo za Patti Smith ndi magitala aatali a Television, idali yotsekemera mopitirira. Chimbale choyamba, chotchedwa Blondie, chidatuluka mu Disembala 1976 "X Offender" ili nyimbo yotsegulira, ndipo nacho sichidayende bwino ku Amereka. Pofuna kukopa ogula, Private Stock idafalitsa chithunzi cha Harry atavala bulauzi yoonekera m'kati, chinthu chimene mwini wake sadakondwere nacho. Mkazi amene adatembenuza nyimbo kuti iye akhale woyang'ana adapezeka atamatidwa pakhoma kuti aziyang'anidwa. Mwayi udachokera kutali. Mu 1977 pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya ku Australia yotchedwa Countdown idaonetsa "In the Flesh", nyimbo yodekha ija, m'malo mwa "X Offender". Nkhani yofala imati kudali kulakwitsa, ngakhale kuti Stein ndi Burke adanenapo kuti mwina kudali dala. Nyimbo yodekhayo idafika pa nambala yachiŵiri ku Australia, ndipo aka kadali koyamba kuti Blondie ikhale ndi nyimbo yotchuka kwina kulikonse.

Blondie siidali yokha pa kutola kumeneku. New York Dolls, gulu limene ambiri a pa CBGB adaphunzirako, adatsegula nyimbo ina ya pa chimbale chawo cha mu 1973 ndi mawu obwereka kwa The Shangri-Las, ndipo pa chimbale chachiŵiri, mu 1974, adaitana Shadow Morton mwini wake kudzayang'anira. Ku London, "New Rose" ya The Damned, imene idatuluka mu Okutobala 1976 ndipo imaŵerengedwa monga mbale yoyamba ya punk ya ku Britain, imayamba ndi funso lotengedwa mu "Leader of the Pack". Chaka chomwecho nyimbo yakaleyo idali italoŵanso pakati pa nyimbo khumi zapamwamba za m'dzikomo. Ramones, ndi majekete awo achikopa, adapita kwa Phil Spector kukajambula chimbale cha End of the Century cha mu 1980, ndipo nyimbo yawo imene idakwera koposa ku Britain, kufika pa nambala 8, idali ya The Ronettes. Koma onseŵa adali amuna obwereka mawu a atsikana. Pa "X Offender" mawuwo adabwerera m'kamwa mwa mkazi.

Zotsatira zake nzodziŵika ndipo zinganenedwe mwachidule. Mu 1977 Blondie idayenda ndi Iggy Pop ndi David Bowie m'mizinda ya ku Amereka, Valentine adachoka, ndipo gululo lidadziwombola ku Private Stock n'kupita ku kampani ya Chrysalis. Mu 1978 lidafika pa nambala yachiŵiri ku Britain ndi "Denis", nyimbo ya mu 1963 ya anyamata otamanda mtsikana, imene Harry adaitembenuzanso kuti wotamandidwayo akhale mnyamata. Mu 1979 "Heart of Glass" idakhala yoyamba ku Britain ndi ku Amereka komwe. Pa nthaŵi ina padachita kupangidwa mabaji okumbutsa anthu kuti Blondie ndi dzina la gulu, si la mkazi mmodzi. Valentine adabwerera ku dzina lake lobadwa nalo la Gary Lachman nakhala wolemba mabuku ku London. CBGB idatsekedwa mu Okutobala 2006, chaka chomwe Blondie idalandiridwa mu Rock and Roll Hall of Fame, ndipo Clem Burke adamwalira mu Epulo 2025.

Eni kaimbidwe kaja nawo adafika pa Bowery kamodzi. Mu 1977 The Shangri-Las atatu otsala, Mary ndi Betty Weiss ndi Marge Ganser, pakuti Mary Ann adamwalira mu 1970, adakumananso kuti ajambule nyimbo zatsopano ndi kampani ya Sire, yomwe Gottehrer adaiyambitsa nawo mu 1966. Usiku wina chaka chomwecho adakwera pa nsanja ya CBGB, Lenny Kaye wa gulu la Patti Smith akuwaimbira gitala, naimba pamaso pa anyamata ndi atsikana amene adali atabwereka mawu awo, mavalidwe awo ndi kaimidwe kawo. Mary Weiss adali ndi zaka 28. Nyimbo zimene adajambula ndi Sire sizidatulutsidwe, ndipo iye adabwerera ku ntchito zina zosakhudza kuimba. Padapita zaka 30 asanatulutse chimbale cha iye yekha, mu 2007. Adamwalira mu Januwale 2024.